Short block ya EJ207 ya ex-Japan mu WRX yanga, mmene yayendera patatha makilomita 9,000

Amene munkaiona Subaru yanga ya buluu ija itakhala pa njerwa ku Biwi miyezi isanu mpaka nkhuku za oyandikana nawo kuyamba kuikira mazira pansi pake, pano ikuyendatu, ndipo poti aliyense akangondipeza pa filling station funso lake ndi lomwelo loti munaikamo chani amwene, ndati ndingolemba kamodzi nkhani yonse. Ndinaikamo short block ya EJ207, ndiye kuti thunthu la injini ndi crank ndi ma piston ake koma yopanda ma hedi, yochoka mu STI ya ku Japan, Impreza yamphamvu kuposa WRX, yakaunjika, ndipo pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Yachisanuyo ndaimana dala, zifukwa zake muzimva.

Galimoto yake ndi Impreza WRX ya 2002, ija ya maso ozungulira, inabwera ndi EJ205 ya 2.0 turbo. Inafera pa Khwekhwerere, ndipo mlandu waukulu ndi wanga ndemwe, sindinamizira munthu. Timachokera ku nyanja mu October dzuwa lija loswa mtengo, anthu anayi mgalimoto, cooler box ya chambo kumbuyo, nde mafuta anali osowa nthawi imeneyo ndinathira wa mchigubu mphepete mwa msewu, petulo wake wooneka ngati tiyi wopanda mkaka koma munthu utani. Titadutsa Golomoti nkuyamba chikweza chija ine ndili mu giya 3 phazi pansi kufuna kuonetsa anzanga kuti iyi si Vitz, ndinamva kaphokoso ngati wina akugwedeza misomali mchitini, ndinakanyalanyaza. Patsogolo pang'ono ka light ka oyilo kanaphethira pa kona kenako nkuzima. Kenako go go go go pansi pa bonnet. Apa munthu wanzeru amaima nkuzimitsa. Ine ndinati tingokafika pa Masasa pali anthu, nde sitinafike, chinangoti phuu utsi woyera mbwee, injini zii.

Titatsegula bonnet oyilo anali ponseponse pamwamba pa injini, pansi pa intercooler paja, ndipo nditaunika ndi tochi ya foni ndinaona bowo loti nkulowetsamo zala zitatu, mkati mwake kachidutswa ka conrod, ndodo yolumikiza piston ndi crank, kakusuzumira. Tinadikira breakdown mpaka usiku, komanso inayenera kukhala yonyamula yonse pamsana chifukwa Subaru ndi ya matayala onse anayi, ukaikoka awiri ali pansi uwononganso diff ya pakati. Chambo chija tinagawa kwa anthu a pamenepo chisanaonongeke.

Makaniko wanga ndi bambo wachikulire ndithu, wa ma Subaru kuyambira kale, sayankhula zambiri. Atatsitsa sump anandiitana, bwana tabwerani muone nokha musadzati ndikukuberani. Anaviika chala mu oyilo nkuchiika padzuwa, chimanyezimira ngati zija atsikana amadzola kumaso pa ukwati. Kenako anatola bearing ya conrod, inali itaphwatalala nkupyapyala ngati lezala, yakuda bii chifukwa chopsa. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi pickup, kapaipi kaja kamayamwa oyilo mu sump kupititsa ku pump, kanali ndi mng'alu pamene anakaotcherera, kamng'alu kochepa koti osaunika bwino sungakaone, ndiye pump imayamwa mpweya pamodzi ndi oyilo. Vuto limeneli ndi lodziwika pa ma EJ, ine ndinali ndisanalimvepo. Nde kuphatikiza petulo wachabe uja amene amapangitsa knock, kuphulika kosalongosoka mu silinda, kumenya ma bearing ngati nyundo, ndi oyilo wosakwanira pressure, ndi dalaivala wamakani, basi injini inalibe kothawira.

Tsopano kwa amene simunaonepo block ya Subaru itaphwasulidwa, siili ngati ya Corolla ayi. Ma silinda ake anagona chammbali, awiri uku awiri uku, ndipo block yake ndi zibanthu ziwiri za aluminium zimene zimamangidwa pamodzi crankshaft ili pakati ngati nyama mu bread. Zibanthu ziwirizo ku fakitale anazibowa zili pamodzi kuti pogona crank pawongoke, nde sungatenge chibanthu cha injini ina nkuphatika ndi chako. Ndikunena izi chifukwa mnyamata wina wa ma spare anafuna kundigulitsa half imodzi yokha akuti ingolowa bhobho. Winanso anati abweretse munthu wa welding ya aluminium atseke bowolo, akuti anapangapo pa Hilux. Madala anangopukusa mutu nkunena kuti bwana mukawotcherera pamenepo chitsulo chipindika, crank idzagona mokhota, mudzabweranso kuno pa breakdown mwezi usanathe. Nkhani ya kukonza block yakale inathera pompo.

Apa mpamene mutu unayamba kuwawa chifukwa aliyense amene ali ndi Subaru mtauni muno ndi injiniya. Yophweka inali kugula EJ205 ina, zimapezeka ndithu chifukwa ma Forester a turbo ali ndi yomweyo ndipo ambiri anagwa kale mmisewumu. Anzanga a phokoso aja amati ayi ika 2.5 ya ku Joni umve kukoma. Wina amati saka closed deck yakale ija sidzaswekanso mpaka Yesu kubwera. Ndipo panali mkulu wina amafuna kundipatsa block ya EJ20 yopanda turbo pa mtengo wozizira, akuti zonse ndi EJ20 basi, zomwe ndi zoona pa chilembo chokha, koma ma piston ake ndi a compression yokwera, ukawapatsa boost, mpweya umene turbo imakankhira mu injini, amasungunuka, imeneyo musayerekeze olo atakupatsani ulele.

Nkhani ya deck ija ndiyofunika kuimvetsa chifukwa ogulitsa amakuopsezera nayo. Mukachotsa hedi nkuyang'ana pamwamba pa block, open deck imaoneka ngati makapu awiri ataimikidwa mu beseni, madzi a radiyeta amazungulira momasuka koma kukamwa kwa silinda kulibe chogwirizira chokwanira. EJ205 ili choncho. Semi-closed ili ndi timilatho tating'ono tolumikiza silinda ndi khoma lakunja kuti isamagwedezeke boost ikakwera. Closed deck ndi yotseka pafupifupi ponse, kungosiya timabowo ta madzi, imeneyi inali mu ma EJ20G oyambirira aja a Legacy RS ndi ma WRX oyamba, komanso mu 22B ya 1998 imene tonse timangoionera pa zithunzi. Yolimba zedi inde, koma ma block a EJ20G amenewo pano adutsa zaka 30, komanso ndi a phase 1, thrust bearing yake, yogwira crank kuti isamasunthe kutsogolo ndi kumbuyo, ili pa nambala 3 pomwe zathu za phase 2 ili kumbuyo pa nambala 5, ndipo kumene imagwirana ndi gearbox ili ndi mabawuti 4 pomwe yathu 8. Zimatheka kuzikwatitsa koma ndi ntchito ya munthu wofuna mahatchi 500, ine ndimafuna kukafika ku Mzuzu nkubwerako.

Imene inandiyesa kwenikweni ndi 2.5 ija, EJ257, sindinama ndinagona nayo mmutu masabata awiri. Ku South Africa zimapezeka chifukwa ma WRX ndi STI awo anasamukira ku 2.5 cha mma 2006, ndipo msuweni wanga wa ku Johannesburg anali atapeza kale ina yoti akweze pa trak yodzera ku Mwanza. Pa pepala ndi yokoma, bore, kukula kwa bowo la silinda, ndi 99.5 mm pomwe ya 2.0 ndi 92, stroke, mtunda umene piston imayenda, ndi 79 pomwe yathu 75, nde mphamvu imabwera msanga usanaponde kwambiri, mtauni imakoma. Koma bore yaikuluyo ili mu block ya saizi yomweyo, kutanthauza kuti makoma a silinda ndi opyapyala, ndipo ma piston ake ndi otchuka ndi kuthyoka ringland, kamzere kaja ka pakati pa ma ring, akangolawa knock pang'ono. Chinanso ma hedi anga ndi a 2.0, chipinda chake choyakira moto ndi chaching'ono, ukachiika pa bore ya 99.5 compression imakwera, nde umayenera kukagoba ma hedi kapena kugula ma piston ena apadera, kenako tuning yeniyeni ya pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Ndinadzifunsa kuti munthu amene ndaphulitsa injini chifukwa cha knock ndikagule injini yoopa knock kuposa yoyambayo, mdziko limene tsiku lina umathira pa pump tsiku lina mchigubu? Ndinamuuza msuweni asiye.

Nde ndinatsalira pa EJ207, makamaka ya STI ya maso ozungulira ngati yangayi, imene anthu amati version 7. Ndinaisankha chifukwa bore ndi stroke ndi zomwezo 92 ndi 75, ma hedi anga amakhala osavuta, deck yake ndi semi-closed, ma piston a version imeneyi ndi forged, osulidwa olimba, kuchokera ku fakitale pomwe ma version otsatira anabwerera ku cast, othiridwa mu chikombole, ndipo compression yake ndi 8.0 zomwe kwa petulo wathu ndi chifundo. Musaiwale kuti galimoto izi ku Japan anazipangira petulo wa octane pafupifupi 100, kuno sitimuona. Injini imeneyi ku fakitale imazungulira mpaka 8,000 rpm, nde pansi pake anamanga mosaumira.

Kugula kwake ndi kumene nyenyezi ija inayamba kuthothoka. Pa block palibe polembedwa kuti 207, pamangoti EJ20 basi, chimodzimodzi ndi ya Forester, ndiye ogulitsa ena amangopenta manifold kufiira nkumati STI. Ine ndinakana kutumiza olo tambala mpaka wogulitsayo atachotsa hedi imodzi nkunditumizira video pa WhatsApp akuloza timilatho tija ndi chala komanso pamwamba pa ma piston, ndipo ndinamuuza alembe dzina langa pa kapepala aike pambali kuti ndidziwe kuti si video ya chaka chatha. Anakwiya pang'ono akuti simundikhulupirira bwanji, ndinati achimwene si inu, ndi ndalama yanga imene sindikufuna kuitsanzika. Mileage anati 60,000, koma injini iliyonse ya ex-Japan imene ndinafunsapo ndi ya 60,000, kaya ku Japan galimoto zonse zimafera pa nambala imeneyo kkkk. Anati masabata 6 ifika kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe, inatenga 10, ndipo pakati pake forex inavuta mtengo wa clearing nkusintha, zonse pamodzi ndi ma parts ndi ntchito ndalama yake ndikanagula ka Mira koyenda bwinobwino, madam mpaka lero amandikumbutsa pa nthawi ya nsima.

Inafika itakhala pa tayala lakutha, yokulungidwa ndi pulasitiki. Titaivundukula, dowel imodzi ya ku gearbox kunalibe, bowo limodzi la bawuti ya engine mount ma thread atadyeka, ndipo silinda nambala 3 inali ndi kamzere ka dzimbiri pamene ring inaima nthawi yaitali, zikuoneka kuti madzi a mvula analowa ili pa yard. Mtima unagunda. Madala anapitapo ndi chikhadabo kangapo nkuti sichikukodwa bwana, ichoka ndi honing, kupalapala mkati mwa silinda. Apa ndi pamene ndikufuna mumve bwino inu amene mumagula injini nkungoiponya mgalimoto tsiku lomwelo, ife tinaiphwasula yonse mpaka zibanthu ziwiri zija. Kuchotsa ma piston a Subaru nako ndi kwa mtundu wake, pali timapulagi mmbali mwa block timene umatsegula nkukokera pin ya piston kudzera pa bowo, wosazolowera amatha tsiku akulimbana nazo. Mkati tinapeza ma bearing a conrod awiri atayamba kuonetsa mkuwa. Ikanayenda inde, mwina chaka, kenako Khwekhwerere wachiwiri.

Block ndi crank tinapititsa ku engineering ina yake kuti akayeze. Pamwamba pa block Subaru amadindapo zilembo A kapena B kusonyeza saizi ya silinda iliyonse ndi piston yake, yanga inali AB mbali imodzi BB mbali inayo, ndipo atayeza ndi bore gauge zonse zinali mkati mwa malire nde sitinabowe, anangopanga honing yopepuka, kusikima deck pang'ono zedi kuti gasket igone bwino, crank kuipolisha osagaya. Ntchito anagwira yaukhondo koma torque plate analibe, chitsulo chija amamanga pamwamba pa block kuti ikhale ngati hedi ilipo pamene akupanga honing, atandiyang'ana ngati ndatukwana ndinangozisiya. Pa boost yanga sizinavute, koma wofuna mphamvu zambiri zimenezi azifufuze kaye. Komanso anandiuza Lachitatu, ndinakatenga Lachitatu la sabata yachitatu.

Pomanga tinaika ma bearing atsopano a ACL, madala anayeza clearance iliyonse ndi plastigauge, kaulusi kobiriwira kaja umakaika pa journal nkumanga nkumasulanso kuona mmene kaphwatalalira, anachita zimenezi pa ma journal onse osadumpha ndipo ine ndinatopa kuonerera. Ma ring atsopano, oil pump yatsopano, pickup yatsopano yolimba, ma head gasket a Subaru enieni a zitsulo zosanjikiza osati aja a mpaketi yopanda dzina, timing belt ndi ma pulley ake onse, water pump. Crank sprocket tinabwezera yanga yakale chifukwa mano ake ndi amene kompyuta ya galimoto yanga imawadziwa kuwerenga, mukaika ya injini ina mutha kuliza starter mpaka batire kufa. Sump nayo onetsetsani, ma STI a turbo ya twin scroll a pambuyo pake ali ndi sump ndi pickup zosiyana, zanga zinagwirizana poti version 7 ndi single scroll.

Tinakangana pa oil cooler, kachitini kaja kali pamwamba pa oil filter. Ine ndimati titsuke ndi petulo tiuzire mpweya basi, ndalama zinali zitatheratu. Madala anati bwana ngati mukufuna kubwezera chimenechi tengani galimoto yanu mukamangitse kwina, ine dzina langa lisaipe. Anakadula pakati ndi grinder ine ndikuona, atakatsuka kale kawiri, ndipo mkati mwa timipata take munali tizidutswa ta bearing tambirimbiri tonyezimira. Ndinangotulutsa foni nkuyamba kuimbira anthu ondikongoza. Momwemonso ma hedi anatsukidwa njira zonse za oyilo, ma solenoid a AVCS yosintha nthawi yotsegukira ma valavu, tisefa tating'ono ta mu ma banjo bolt, paipi yopita ku turbo, turbo yanga ya TD04 inapita kukaikidwa kit, intercooler nayo inali ndi oyilo wa tsiku la ngozi lija.

Tsiku loliza tinayamba tazungulitsa opanda ma plug mpaka gauge ya oyilo itakwera, kenako inalira kamodzi nkamodzi, kugunda kuja kwa Subaru kwa bu-bu-bu mpaka anyamata a galaja yoyandikana anabwera kudzaonerera. Koma mmawa wotsatira nditailiza kuli kozizira ndinamva tek tek tek, miyendo inazizira, ndinaimba foni 6 koloko mmawa kuti madala yayambanso. Anaseka nkuti ndi ma piston a forged amenewo, amakhala omasuka pang'ono akazizira chifukwa amafufuma kwambiri akatentha, dikirani mphindi zisanu. Zoonadi kanasiya. Mpaka pano kamamveka mmawa uliwonse makamaka mu June, ndazolowera koma amene simukonda phokoso lililonse dziwiranitu.

Makilomita 1,500 oyamba ndinayenda ngati agogo, osadutsa 4,000 rpm, osalowa mu boost, oyilo wa mineral, tinasintha atangoyenda pang'ono kenako pa 1,000, ma minibus a ku Area 25 amandipitirira akundiimbira hutala. Kenako tuning, munthu wake ali ku Joni, ine ndimalumikiza laputopu ndi chingwe cha Tactrix nkuyenda msewu wa ku Mchinji mmawa kulibe anthu, kumutumizira ma log iye nkubweza map, malangizo atsopano a kompyuta ya injini. Ndinamuuza mosabisa kuti sindikufuna nambala yodzitamira nayo, achepetse timing, boost isafike 1 bar, aganizire petulo woipitsitsa amene ndingakumane naye.

Nde pano mmene ikuyendera. Pansi pa 3,000 rpm ndi yaulesi pang'ono kuposa kale, compression yotsika ija imamveka ukamanyamuka pa roundabout, ndipo mafuta ikumwa mochulukirapo pang'ono mtauni. Ikadutsa pamenepo imakoka mosalala mpaka pamwamba, ngakhale 8,000 ija ine sindifikako poti ma hedi ndi kompyuta ndi za WRX, zimenezo ndi za eni STI yathunthu. Oyilo pakati pa service ndi service imatsika pang'ono zedi pa dipstick, madzi sinadyepo, temperature siisuntha olo pa jam ya ku Old Town masana. Ndinaikanso gauge ya oil pressure pa dashboard chifukwa ka light ka fakitale kaja kamayaka zinthu zitaonongeka kale. Mwezi wathawu ndinakweranso Khwekhwerere anthu anayi omwewo, mtima uli mmwamba, laputopu ili pa miyendo ya mnzanga, knock sinaoneke olo kamodzi, pa malo paja tinaima nkujambulitsa, banga la oyilo likuonekabe pa tara.

Koma ndinene chilungamo pa nyenyezi yachisanu ija. Timilatho ta semi-closed timene ndinalipirira ndalama zambiri sindinatimvepo ntchito yake ndipo pa boost imeneyi sindidzatimva. Munthu amene WRX kapena Forester yake ili standard ndipo alibe maganizo okweza turbo, EJ205 yabwino yotsegulidwa nkuyezedwa, ndi pickup yatsopano ndi cooler yatsopano, imukwanira pa mtengo wotsika kwambiri, otsalawo agulire matayala. Ine chimene ndimachimva kuti ndinagula ndi ma piston aja ndi compression yokhululuka, poti ndikudziwa kuti tsiku lina ndidzaimanso pa chigubu. Wofuna kudzaika turbo yaikulu mtsogolo ndiye 207 ndi poyambira pabwino kuposa 2.5, bola apeze yeniyeni.

Musaiwale za mapepala, nambala ya injini imadindidwa pa block, nde mukasintha block pitani ku Road Traffic akasinthe mu blue book ndipo sungani ma risiti ndi mapepala a MRA a injiniyo, ine anandifunsa onse. Clutch yayamba kuterera mu giya 4 ndikaponda kwambiri, imeneyo ndi ya mwezi wa mawa ngati madam avomere. Block yakale ija ili kuseri kwa nyumba pafupi ndi khola, anyamata osungunula aluminium opanga mapoto abwera kale kawiri kudzaifunsa, tikusiyana pa mtengo chifukwa akuti ma sleeve achitsulo ali mkatiwo achotsere pa kilo.